Maliro a Mphunzitsi Wosamudziwa

Pali mwambo wina m'makwalala a ku Area 36, ndiponso ku Kawale, ku Biwi ndi kwa Chinsapo, umene moyo wa m'tauni sudathe kuufafaniza. Pakagwa zovuta panyumba, anyamata amathyola nthambi zamasamba naziyala pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa siwa. Woyendetsa galimoto akaona masambawo amachepetsa liwiro nazimitsa wailesi. Wakabaza amatsika nakankha njinga yake. Wovala chipewa amachivula. Ambiri mwa anthu amenewa sadziwa dzina la womwalirayo, sadamuonepo, ndipo sadzafunsa n'komwe. Komabe palibe amene amayesa ulemu wotere chinthu chopanda nzeru, pakuti makolo adagwirizana kalekale kuti imfa ya munthu ili ndi mphamvu yoimitsa ngakhale mlendo wongodutsa.

Tsono funso nali. Ngati mlendo amene sadalandirepo kanthu kwa womwalirayo ayenera kuvula chipewa, nanga munthu amene amadya tsiku ndi tsiku za m'munda wa womwalirayo ayenera kuchitanji, pamene mwini mundayo adafera kutali, kutsidya kwa nyanja, kumene kulibe woyala masamba pamsewu? Funso limeneli silochokera m'mutu chabe ayi. Likukhudza anyamata ndi atsikana amene amaima ndi makamera pakhomo pa tchalitchi cha Msamba pa tsiku la ukwati, la Ubatizo kapena la Ulimbitso, namakhala usiku wonse pa kompyuta kukonza zithunzi kuti m'mawa alandire ndalama ya ufa ndi ya lendi. Mwa aphunzitsi amene adawaphunzitsa ntchitoyo alipo mmodzi amene ambiri a iwo sadamvepo dzina lake. Ndiye Bruce Fraser, wobadwira ku Edinburgh m'dziko la Scotland mu 1954, amene adamwalira ndi khansa ya m'mapapo ku San Francisco, ku America, pa 16 December 2006, ali ndi zaka 52.

Kuti munthu amvetse kukula kwa ngongoleyi, ayenera kuyamba wakumbukira m'mene ntchito yojambula idasinthira. Akuluakulu akali kukumbukira wojambula wa panjinga, amene ankayenda ndi filimu ya zithunzi 24 kapena 36, nalandira theka la mtengo, napita nayo filimuyo m'tauni kukatsukitsa, nabwerako patapita sabata kapena ziwiri. Chithunzi chikapsa chinali chapsa basi, ndipo mlandu unkathera pa kupepesa. Mu 1975 katswiri wina wa kampani ya Kodak, Steven Sasson, adapanga kamera yosafuna filimu. Inkalemera makilogalamu 3.6, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi chopanda mitundu pa tepi ya kaseti. Kanthu kameneka kadakula mpaka kadameza amene adakabala, pakuti mu 2012 Kodak yomweyo idakagwada kubwalo la milandu chifukwa cha ngongole. Lero filimu sioneka m'misika ya ku Lilongwe, ndipo chithunzi chimabadwa monga mndandanda wa manambala.

Apa ndiye padagona vuto. Mkati mwa kamera muli kachipangizo kokhala ndi timaso mamiliyoni ambiri, ndipo kadiso kalikonse kamaona mtundu umodzi wokha. Mwa dongosolo limene Bryce Bayer adatulukira, nalilembetsa mu 1976, theka la timasoto limaona kubiriwira, ndipo theka linalo lidagawidwa pakati pa kufiira ndi buluu. Mitundu yotsalayo makina amachita kuiwerengera poyang'ana timaso toyandikana. Ndiponso manambala omwewo akapita pa galasi la kompyuta amaonetsa mtundu wina, pa foni mtundu wina, ndipo papepala mtundu winanso. Ndicho chifukwa chake diresi loyera la mkwatibwi limatuluka lachikasu ngati lakhalitsa m'sutikesi, chovala chofiirira cha wansembe cha nyengo ya Lenti chimasanduka buluu, ndi nkhope ya munthu wakuda imatuluka ngati phulusa. M'zaka zoyamba za makina amenewa ojambula ambiri ankangoyesa mwayi, naononga mapepala ndi inki, natukwana makina.

Fraser adathera moyo wake pa kufotokoza zinthu zimenezi m'mawu oti munthu wamba amve. Pamodzi ndi anzake adalemba mabuku ophunzitsa Photoshop ndi kasamalidwe ka mitundu; mu 2004 adatulutsa buku lofotokoza zithunzi zimene ojambula amazitcha raw, ndipo mu 2006, chaka chomwe adamwalira, adatulutsa lina la kanoledwe ka zithunzi. Chiphunzitso chake cha raw munthu wa kuno angachimve msanga. Chithunzi cha JPEG chili ngati nsima yophikaphika: kamera yathira kale madzi, yavundula, yaomola, ndipo ikakhala yamadzi kapena yolimba wolandirayo alibe chochita. Chithunzi cha raw chili ngati ufa, umene mwini angaphike lero mwanjira ina ndi mawa mwanjira inanso, malinga ngati wausunga pouma. Pa za kunola, ndiko kuchotsa chimbuuzi kuti m'mphepete mwa zinthu muoneke bwino, iye adaphunzitsa kuti ntchitoyo isachitike kamodzi n'kamodzi. Poyamba munthu abwezere pang'ono zimene kamera idataya. Kenaka anole malo osankhidwa okha, monga maso, kusiya khungu. Potsiriza anole molingana ndi kukula kwa chithunzi ndi mtundu wa pepala limene asindikizepo. Iye atamwalira, nzeru za kunola kotsirizaku, zimene adazikonza ndi anzake a kagulu kotchedwa PixelGenius, zidalowetsedwa mu pulogalamu ya Lightroom mu 2008. Chotero mtsikana wa ku Phwetekere akamasankha pa kompyuta ngati chithunzi cha ukwati chipite pa pepala lonyezimira kapena losanyezimira, dzanja la munthu wakufa limamugwira pamkono iye osadziwa.

Koma wowerenga wanzeru angatsutse, ndipo kutsutsa kwake sikopepuka. Anganene kuti maliro a konkuno ngokwanira. Mu Area 36 sipatha sabata popanda masamba pamsewu, ndipo zopereka za chipepeso zimathetsa ndalama m'thumba mwezi usanafike pakati. Nanga misozi yolirira mzungu wa ku San Francisco, amene adaikidwa zaka zambiri zapitazo, ichokera kuti? Anganenenso kuti munthuyo adalipidwa: mabuku ake ankagulitsidwa, ndipo mapulogalamuwo eni ake amawalipiritsa ndi ndalama zakunja zimene wojambula wa ku Biwi amazipeza movutika. Wogula chimanga pamsika salira maliro a mlimi. Ndipo pomaliza anganene kuti masiku ano kwachuluka kulira kwa chionetsero, kumene munthu amaika chithunzi cha womwalira wotchuka pa WhatsApp ndi timisozi tojambula, pamene mayi wamasiye woyandikana naye nyumba sadamupatse ndi chitini cha ufa chomwe.

Mfundo yotsirizayi njoona ndithu, ndipo palibe chifukwa choichepetsera. Misozi yobwereka ilipo. Koma kutsutsa konseku kwaima pa ganizo lakuti maliro ndi kumva chisoni basi, ndipo ganizo limeneli silidali la makolo, ndiponso si la Eklezia. Kumudzi adzukulu amakumba manda ngakhale mitima yawo isakupweteka, mwina akuseka kumene, ndipo palibe wowadzudzula, pakuti maliro ndi ntchito imene amoyo ayenera kuigwira. Augustino woyera, polembera Paulino wa ku Nola cha m'ma 421, adasiyanitsa bwino zinthu ziwiri: mwambo wa kumanda ndi ulemerero wake zimatonthoza otsala, pamene chimene chimathandiza wakufayo ndi pemphero, Nsembe ya Misa ndi zachifundo. Chisoni sichilamulidwa, chimabwera chokha kapena sichibwera, ndipo munthu sachimwa posalira amene sadamuone. Koma mangawa amalamulidwa. Katekisimu, pofotokoza lamulo lachinayi, amaphunzitsa kuti ulemu woyenera makolo umafikanso kwa aphunzitsi, ndipo sanena kuti mphunzitsiyo akhale wa mtundu wako kapena woti udamugwirapo chanza.

Za malipiro nazo sizithetsa nkhani. Mzamba amalandira kangachepe, koma mwana amene adabadwira m'manja mwake sanena kuti adathana naye. Mlimi akagulitsa chimanga, chimangacho chimachoka m'nkhokwe mwake, wogula nachidya, nichitha, ndipo malonda atha. Mphunzitsi akapereka nzeru, wolandirayo amakhala nazo moyo wake wonse, nadyetsa nazo ana ake, ndipo mtengo wa buku sungafanane ndi zokolola zake. Komanso anthu amene adamudziwa Fraser adachitira umboni pa imfa yake kuti ankayankha moleza mtima mafunso a anthu osawadziwa, popanda kuwerengera. Zimenezi sizigulidwa pamsika uliwonse.

Gawo loyamba la mangawa amenewa ndi dzina, ndipo pa ntchito yojambula nkhani ya dzina ili ndi ululu wakewake. Wojambula amaima kuseri kwa kamera. M'nyumba zambiri za ku Kawale muli chithunzi cha ukwati wa agogo chopachikidwa pakhoma, ndipo adzukulu angatchule aliyense amene ali pamenepo, mpaka kamwana konyamula maluwa. Koma afunseni amene adajambula, onse adzangoyang'anana. Munthu amene adasunga nkhope za mudzi wonse ndiye amene nkhope yake imasowa pa tsiku la maliro ake, abale nayamba kufufuza m'mafoni chithunzi choti anyamule patsogolo pa bokosi.

Dziko lino lili ndi chitsanzo chachikulu cha kuiwala kotere. Mungo Murray Chisuse adali wosindikiza mabuku pa Mishoni ya Blantyre ya mpingo wa Church of Scotland. Mu 1897 adali ku Edinburgh, mzinda womwewo umene Fraser adabadwira patapita zaka 57, kukazamitsa luso lake, ndipo atabwerera adakhala mmodzi mwa anthu akuda oyamba kugwira ntchito yojambula zithunzi m'dziko la Nyasaland. Ndiye adajambula John Chilembwe ndi banja lake, ndi anthu a mishoni yake ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Mu 1915 Chilembwe adaphedwa, manda ake adabisidwa, ndipo tchalitchi chake cha njerwa chidagwetsedwa ndi asilikali a boma. Zimene moto ndi mfuti sizidathe kufafaniza ndi timapepala tija. Pamene George Shepperson ndi Thomas Price adatulutsa buku lawo la mbiri ya Chilembwe mu 1958, zithunzi zakalezo zidapatsa mbiriyo nkhope. Lero nkhope ya Chilembwe ili pa ndalama ya K500 ndi ya K2,000, imadutsa m'manja mwa wogulitsa tomato aliyense mu msika wa Area 36, ndipo mwana wa sukulu amaidziwa. Koma mwa anthu chikwi ogwira ndalamayo, kaya alipo angati amene adamvapo za Chisuse. Padafunika kuti wolemba mbiri John McCracken alembe za moyo wake mu 2008 kuti dzinalo libwerere pakati pa anthu owerenga. Chisuse sadali Mkatolika, Chilembwe naye ayi, ndipo Akatolika a ku Nguludi ali ndi chikumbukiro chawochawo chowawa cha masiku a 1915 aja, pamene mishoni yawo idatenthedwa. Koma chilungamo cha kutchula mmisiri pa ntchito yake sichiyang'ana mpingo.

Kutchula dzina kumaoneka chinthu chaching'ono, koma kumachiritsa matenda ena a amisiri, ndiwo kudziyesa wodziphunzitsa yekha. Achinyamata ambiri a ntchitoyi amanena monyadira kuti palibe adawaphunzitsa, adangoonera pa intaneti. Koma amene adaoneredwayo adaphunzira kwa wina, ndipo winayo adawerenga buku la wina, ndipo mzerewo ukautsata umakafika kwa anthu owerengeka amene adakhala pansi zaka zambiri kuyesa ndi kulephera. Wakumwa madzi pampopi saona chitsime, koma kusaona kwakeko sikusandutsa mpopi kukhala kasupe.

Tsono si mphunzitsi wakutali yekha amene nkhaniyi ikumukhudza. M'makwalala a Lilongwe alimo amisiri achikulire amene adayamba ndi filimu, nasinthira ku makamera atsopano tsitsi litayamba imvi, ndipo pafupifupi wojambula wachinyamata aliyense adayamba ponyamulira mmodzi wa iwo chikwama kapena kumugwirira nyale paukwati. Ena mwa akuluakuluwa amaphunzitsa ndi mtima wonse. Ena amabisa. Amatuma mnyamata kukagula mandazi pa nthawi imene akukonza mitundu, kapena amatembenuza kompyuta kuti asaone. Ndipo munthu asafulumire kuwaweruza, pakuti mantha awo ali ndi maziko: mnyamata wophunzitsidwa lero ndiye amatsegula situdiyo yake kutsidya kwa msewu chaka chamawa, natsitsa mtengo, natenga makasitomala amene adawadziwira pa ntchito ya mbuye wake. Zimenezi zimachitika, ndipo wophunzira wotere naye ali ndi mlandu wake pamaso pa Mulungu. Koma fanizo la Ambuye la kapolo amene adakwirira ndalama ya mbuye wake m'nthaka lidanenedwa za munthu wamantha, osati wakuba, ndipo mantha akewo sadamupulumutse. Mmisiri wobisa luso amaikidwa nalo m'manda limodzi. Anthu amamulira masiku awiri monga mnansi, koma monga mphunzitsi palibe womulira, pakuti sadasiye mwana pa ntchitoyo. Paja akuluakulu adati kupatsa n'kuika.

Makina atsopanowa adaonjezeranso ngozi ina imene wojambula wa panjinga sadaidziwe. Negetivu ya filimu ikaikidwa m'katoni pouma imadikira zaka makumi ambiri, ndipo aliyense woipeza angaiyang'ane padzuwa naona chimene chilipo. Zithunzi za lero zimakhala mu memory card imene imafufutidwa Loweruka lililonse kuti mulowe ukwati wina, kapena mu hard drive imodzi imene ingafe ndi kuthima kwa magetsi kumodzi, kapena mu kompyuta yotsekedwa ndi mawu achinsinsi amene mwini yekha amawadziwa. Mwiniyo akamwalira mwadzidzidzi, maukwati a zaka khumi, maubatizo a ana a parishi yonse ndi nkhope zotsiriza za okalamba ambiri zimatsekeredwa m'kabokosi kamene abale amakagulitsa kuti apeze ndalama ya chiliza, ndipo wogulayo amafufuta zonse tsiku lomwelo. Palibe mbadwo umene udajambulidwa kwambiri ngati uno, ndipo n'kutheka kuti adzukulu ake adzapeza zochepa kuposa zimene Chisuse adasiya. Mphunzitsi amene amauza wophunzira wake wokhulupirika kumene zithunzi zili ndi katsegulidwe kake, nasunga zofunika m'malo awiri, nasindikiza zina papepala, akuchita ntchito yofanana ndi ya bambo amene amaonetsa ana ake malire a munda asanadwale. Ndipo wophunzira amene amapita kwa mayi wamasiye maliro atatha, napempha kuti asanthule zithunzizo ndi kuzibwezera kwa eni ake zisanagulitsidwe, walira mbuye wake koposa amene adagubuduka pamanda.

Za pemphero palibe chovuta kwa Mkhristu. Eklezia pa Misa sapempherera ana ake okha, koma akufa onse, nasiya kwa Mulungu kuweruza za mumtima mwa aliyense. Kupempherera akufa ndi kuphunzitsa osadziwa zili pa mndandanda umodzi wa ntchito zachifundo zauzimu, ndipo nkoyenera kuti wochita yachiwiriyo alandire yoyambayo. M'mwezi wa November, pamene Akhristu a m'miphakati amalemba maina a akufa awo kuti akatchulidwe paguwa, kawirikawiri amalemba a magazi awo okha. Palibe lamulo loletsa kulembapo amene adakuphunzitsa kugwira kamera, makina osokera kapena chopalira matabwa.

Koma mangawa olemera koposa ali pa kagwiritsidwe ka lusolo, chifukwa nzeru zomwezo zimene zimabwezera chithunzi mtundu wake woona zingathenso kuchinamiza. Ntchito yonse ya Fraser pa mitundu idali yakuti chimene diso lidaona, chimene galasi la kompyuta likuonetsa ndi chimene pepala litulutse zigwirizane. Kwa anthu akuda nkhani imeneyi ili ndi mbiri yake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 malo otsukira zithunzi ankalinganiza makina awo poyang'ana khadi la Kodak lokhala ndi chithunzi cha mkazi wachizungu, lotchedwa Shirley, ndipo khungu lake ndilo linali muyeso wa khungu lonse. Mphunzitsi wina wa ku Canada, Lorna Roth, adalemba mu 2009 kuti ena mwa amene adakakamiza kampaniyo kukonza mitundu yoderapo adali ogulitsa chokoleti ndi mipando yamatabwa, amene ankadandaula kuti katundu wawo saoneka bwino pa zithunzi. Khadi loonetsa akazi a makungu osiyanasiyana lidabwera m'zaka za m'ma 1990. Lero wojambula wa ku Area 36 ali ndi zida zonse zoonetsera khungu la mayi wa Chichewa monga Mulungu adalilengera, ndi kuwala kwake konse. Nzachisoni tsono kuona kuti zida zomwezo zikugwira ntchito yoyeretsa akwatibwi mpaka amayi awo owabala kuchita kuwafunsa, ndi yosalaza nkhope za okalamba mpaka makwinya onse amene adawapeza polera ana atachoka. Chimene kale chinali kulephera kwa filimu, lero anthu akuchilipirira ndalama.

Wojambula adzayankha kuti kasitomala ndiye amafuna, ndipo wokana amagona ndi njala. Nzoona, ndipo si kukonza kulikonse kumene kuli bodza. Kuchotsa chiphuphu chimene chidatuluka m'mawa wa ukwati, kapena kuwalitsa nkhope imene idagwera mumthunzi wa mtengo wa mango, ndi kuthandiza chithunzi kuti chinene zimene anthu adaona. Malire ali pamene chithunzi chayamba kunena za munthu wina amene sadakhaleko. Msonkhano wa Aepiskopi wa ku Nicaea wa mu 787, poteteza zithunzi zoyera kwa amene ankaziphwanya, udaphunzitsa kuti ulemu woperekedwa kwa chithunzi umapitirira kukafika kwa mwini chithunzicho. Ngati zili choncho, chipongwe nachonso chimapitirira. Kuuza mtsikana ndi makina kuti akadakongola akadakhala woyererapo ndi kunyoza iye, ndi amayi ake, ndi Mlengi amene adamupanga m'chifaniziro chake. Sikuti n'chabe kuti ojambula ambiri achikhristu amatenga Veronika woyera kukhala nkhoswe yawo, mayi uja wa pa malo achisanu ndi chimodzi a Njira ya Mtanda: nsalu yake idalandira nkhope ya Ambuye monga idaliri pa ora lija, ndi thukuta ndi magazi omwe.

Ngakhale anthu oyera mtima adagwapo m'chiyeso chokometsera, ndipo mbiri ya Tereza woyera wa Mwana Yesu, amene amayi ambiri a dziko lino adabatizidwa ndi dzina lake, ikuonetsa zimenezi. Mkulu wake Céline adalowa m'nyumba ya Akarmeli ku Lisieux mu 1894 atanyamula kamera, ndipo ndiye adajambula zithunzi zambiri za mng'ono wakeyo mpaka imfa yake mu 1897, ali ndi zaka 24. Mbiri ya Tereza itayamba kufalikira, masisitere adaona kuti zithunzizo sizikukwanira ulemerero wa woyera, ndipo zimene zidatumizidwa m'dziko lonse zidali zokonzedwa ndi burashi kapena zojambulidwa pamanja: nkhope yosalala, kakamwa kakang'ono, maso ofatsa a chidole. Adachita zimenezi mwa chikondi, ndipo mamiliyoni a Akhristu adapemphera pamaso pa nkhope imeneyo. Koma padali anthu ena amene nkhopeyo idawabweza m'mbuyo, poganiza kuti uyu ndi woyera wa maluwa ndi shuga, wosadziwa mavuto a munthu.

Chimene chidapulumutsa choona n'chakuti masisiterewo sadataye zoyambirira. Adazisunga, monga momwe Fraser adadzalangizira ophunzira ake kusunga ufa ngakhale nsima itaphikidwa kale. Céline adamwalira mu 1959, ali wokalamba wa zaka pafupifupi 90, ndipo mu 1961 zithunzi 47 za Tereza zidasindikizidwa monga kamera idazitengera. Pamenepo Akhristu adaona mtsikana wa chibwano cholimba, wa maso otopa, akuchapa zovala pamodzi ndi anzake padziwe la nyumba ya masisitere, ndipo pa chithunzi china atagona pakhonde, chifuwa chachikulu chitamudya, patangotsala mwezi umodzi kuti amwalire.